Sayansi ya DNA Siithera M'labotale

Ndaima pano kuti tikambirane za ntchito imene achinyamata ambiri okonda sayansi ayamba kuifunsira, ntchito ya genomics, yowerenga ndi kumasulira DNA ya zamoyo. Anthu ambiri akamva za ntchitoyi amaona munthu wa chovala choyera, ali phee m'chipinda chozizira, maso ali pa kompyuta, osafuna kusokonezedwa. Kupita kusukulu kukaphunzitsa ana, kapena kukakhala pabwalo la mfumu kuyankha mafunso a anthu, amakutenga ngati ntchito yapambali yoti munthu achite akapeza mpata. Ine ndikutsutsa maganizo amenewa. Mfundo yanga ndi yakuti kuno kwathu kufufuza, kuphunzitsa ndi kukambirana ndi anthu ndi ntchito imodzi, ndipo wofufuza amene wasiya ziwiri zomalizazo amapeza kuti yoyambayonso yamukanika. Ndipereka umboni, kenako ndiyankha amene akuona mwina, pakuti zifukwa zawo si zachibwana.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'kati mwa maselowo muli DNA, malangizo amene timalandira kwa mayi ndi kwa bambo. Malangizowa analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, koma mndandanda wake ndi wautali, zilembo pafupifupi mabiliyoni 3. Mndandanda wonsewo ndiwo genome. Chimanga chili ndi wake, chambo chili ndi wake, udzudzu ndi kachirombo ka malungo zilinso ndi wake. Ntchito yoyamba yowerenga genome ya munthu, ya Human Genome Project, inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003, ndipo inadya ndalama pafupifupi madola mabiliyoni 3. Lero ntchito yomweyo imatheka m'masiku ochepa ndi ndalama zosafika madola 1,000. Palinso kamakina kotchedwa MinION, kolowa m'thumba la malaya, kamene kanagwira ntchito ku Guinea mu 2015 powerenga kachirombo ka Ebola pafupi ndi kumene odwala anali. Kutsika kwa mtengoku n'kumene kwachititsa kuti mwana wa ku Ntcheu kapena ku Chipata athe kulota za ntchitoyi popanda wina kumuseka.

Kodi sayansi imeneyi yatichitirapo chiyani? Akuluakulu muno mukukumbukira chloroquine. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa n'kuyamba Fansidar, chifukwa ana ankamwa koma malungo osachoka. Chimene chinachitika chinali kusintha kwakung'ono mu DNA ya kachirombo ka malungo, pamalo otchedwa pfcrt, kumene kunakathandiza kulavula mankhwalawo. Ofufuza ku Blantyre atayeza magazi osungidwa a zaka zosiyanasiyana anapeza kuti mu 1992 tizirombo 85 pa 100 tinali ndi kusinthaku, koma pofika 2000 tinatsala 13 pa 100. Mankhwala atachotsedwa, tizirombo tosamva mankhwalato tinagonja kwa tinzake. Dziko lonse lapansi linaphunzira kuchokera ku Blantyre kuti kusamva mankhwala kungathe kubwerera m'mbuyo. Phunziro lomwelo likutiuza kuti LA amene tikumwa kuyambira 2007 ayenera kulonderedwa, ndipo mlonda wake ndi munthu wodziwa kuwerenga DNA ya kachiromboko asanayambe kumwalira ana.

Umboni wachiwiri ndi wa taifodi. Kuyambira 1998 mpaka 2010, chipatala cha Queen Elizabeth chinkapeza bakiteriya wa taifodi m'magazi a odwala pafupifupi 14 pachaka. Mu 2014 chiwerengerocho chinafika 782, ndipo pafupifupi onsewo anali ndi bakiteriya wosamva mankhwala atatu amene tinkadalira, kuphatikizapo Bactrim. Powerenga genome ya bakiteriyayo, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi anzawo anapeza kuti kunalowa mtundu wotchedwa H58, umene unafalikira kuchokera ku Asia. Umboni umenewu unathandiza kuti katemera watsopano wa taifodi ayesedwe ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018. Katemerayo anateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse, ndipo mu 2023 boma linamupereka m'dziko lonse. Koma taganizirani chiwerengero ichi: ana opitirira 28,000 ndiwo analowa m'kafukufukuyo. Pambuyo pa mwana aliyense panali kholo limene linamva, linafunsa, linaganiza, kenako n'kuvomera. Makina owerenga DNA sakanatha kubweretsa ngakhale mwana mmodzi. Anawabweretsa ndi anthu amene anayenda m'masukulu, m'mipingo ndi kwa mafumu, kufotokoza mobwerezabwereza mpaka makolo atakhutira.

Wina anena kuti dziko limene chipatala chake chimasowa Panado lisamalimbane ndi makina a DNA, liyambe lakumba mijigo ndi kugula mankhwala. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo palibe genome imene ingalowe m'malo mwa madzi aukhondo. Komabe wosauka ndiye sayenera kugula mankhwala osagwira ntchito, ndipo kuti adziwe osagwirawo ayenera kudziwa mdani amene akulimbana naye. Mu February 2022 boma linalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wodwala poliyo, matenda amene tinawaona komaliza mu 1992. Funso linali lakuti kodi kachiromboka kanabisala pakati pathu zaka zonsezi, kapena kachokera kwina? Genome yake inayankha kuti kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Yankholi linali lofunika, koma linachokera ku malabotale a ku South Africa ndi ku America, ndipo mwanayo anali atapuwala kale mu November 2021. Miyezi imene imatha zoyeza zili paulendo ndi miyezi imene matenda amayenda mwakachetechete. Choncho umphawi wathu ndi chifukwa chokhalira ndi akatswiri athuathu, osati chowakanira.

Pali chifukwa china chachikulu. Anthu onse a padziko lapansi anachokera mu Africa, n'chifukwa chake DNA ya anthu a kuno ndi yosiyanasiyana kuposa ya kwina kulikonse. Chikhalirecho, mwa anthu amene alowa m'kafukufuku wamkulu wofufuza mgwirizano wa DNA ndi matenda, a mtundu wa mu Africa safika ngakhale 3 pa 100, pamene ochuluka zedi ndi azungu. Mu 2020 gulu la H3Africa litawerenga genome ya anthu 426 okha ochokera m'mitundu 50, linapeza zosiyana zopitirira mamiliyoni 3 zimene sayansi inali isanazione. Izi zimafika mpaka pa botolo la mankhwala. Ambiri mwa amene anamwa ma ARV a 5A akukumbukira chizungulire ndi maloto oopsa. Mankhwala a efavirenz amene anali m'menemo amachedwa kuchoka m'thupi la anthu amene ali ndi kusiyana kwina mu DNA pamalo otchedwa CYP2B6, ndipo kusiyanaku n'kofala kwambiri pakati pa anthu akuda kuposa azungu. Mlingo woyezedwa pa anthu ena sukhala woyenera aliyense. Kuti mpatawu utsekedwe pafunika anthu a kuno ambirimbiri avomere kupereka magazi kapena malovu awo. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa magazi si chinthu chimene munthu wa kwathu amapereka mwachisawawa.

Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu anaphedwa, misewu inatsekedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maderawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankayenda mwamantha. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera n'kulakwa kosaneneka. Koma wofufuza amene amangoti anthuwo ndi mbuli sanamvetse vuto lake. Funso limene lili pansi pa manthawo ndi lomveka: magazi anga akupita kuti, akukachita nawo chiyani, ndipo apindule ndani? Mbiri ya sayansi ili ndi milandu imene ikusonyeza kuti funsoli si lopusa. Ku America, anthu a mtundu wa Havasupai anapereka magazi kuyambira 1990 podziwa kuti akufufuza matenda a shuga, koma magaziwo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a misala ndi kumene mtunduwo unachokera, zimene iwo sanavomere. Mlanduwo unatha mu 2010 pamene yunivesite ya Arizona State inalipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsalawo. Ndipo DNA ili ndi vuto lake lapadera, chifukwa siimanena za mwiniwake yekha. Imanenanso za mayi ake, ana ake, mbumba yake ndi mtundu wake wonse, anthu amene sanafunsidwe.

N'chifukwa chake fomu ya chilolezo payokha siikwana. Taonani mmene zimakhalira: mayi wakhala pa benchi ndi mwana wotentha thupi kumsana, wina akumuwerengera masamba anayi mofulumira, kenako akumugwira chala n'kuchidinda. Pa pepala chilolezo chaperekedwa. Koma akafika kunyumba, bambo ndi apongozi akamufunsa chimene wavomera, iye alibe yankho, ndipo kusowa yankhoko ndiko kumabala mphekesera. Kukambirana kwenikweni kumayamba kafukufuku asanalembedwe n'komwe. Kumatanthauza kukhala pansi ndi mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'mudzi, kunena poyera kuti magazi otengedwa ndi ochuluka bwanji, asungidwa kuti, kwa zaka zingati, ngati atuluka kunja kwa dziko, ndiponso kuti wokana sataya chithandizo chake kuchipatala. Kumatanthauza kuitana oimira anthu adzaone mafiriji ndi makinawo ndi maso awo. Koposa zonse kumatanthauza kubwerera ndi zotsatira, ngakhale zitakhala zokhumudwitsa. Njira zake zilipo kale. Pulogalamu ya pawailesi ya Umoyo Nkukambirana inapatsa omvera mwayi wofunsa ofufuza mwachindunji. Ku South Africa, anthu a mtundu wa San analemba okha mu 2017 malamulo oti aliyense wofuna kuwafufuza aziwatsatira. Makomiti athu a NHSRC ndi COMREC amaunika kafukufuku asanayambe, koma chidindo cha komiti sichingalowe m'malo mwa chikhulupiriro cha mudzi.

Ena mwa anzanga m'malabotale anena kuti munthu amene waphunzira zaka khumi kuti adziwe kumasulira genome asataye tsiku lathunthu pansi pa mtengo, ntchitoyo ipatsidwe kwa odziwa kulankhula ndi anthu. N'zoona kuti akatswiri ofalitsa uthenga ndi ofunika, ndipo wofufuza wanzeru amaphunzira kwa iwo. Koma pali mafunso amene wotumidwa sangayankhe. Gogo akafunsa ngati DNA ya mdzukulu wake idzagulitsidwe ku kampani ya mankhwala, akufuna kumva kuchokera kwa amene adzasunge kiyi wa firijiyo, ndipo akufuna amuone nkhope. Kuwonjezera apo, wofufuzayo ndiye amapindula kwambiri. Genome ya bakiteriya ingakuuzeni kuti odwala awiri anatenga matenda ku gwero limodzi, koma siingakuuzeni kuti mpopi wa m'dera lawo umauma masiku atatu pa sabata ndipo anthu amakatunga kumtsinje, kapena kuti mankhwala opha bakiteriya amagulidwa pamsika awiriawiri chifukwa ndalama ya mlingo wonse palibe. Zimenezi amadziwa ndi amayi a m'deralo. Wofufuza wosamvera iwo amakhala ndi zilembo zolondola koma tanthauzo lolakwika. Tsiku la pansi pa mtengo lija ndi tsiku la kafukufuku ndithu.

Enanso amati nkhani za DNA n'zozama, munthu amene sanapite patali kusukulu sangazimve. Amene amanena zimenezi sanachezepo ndi mlimi. Mlimi amasankha chimanga chachikulu kuti chikhale mbewu, amadziwa kuti haibulidi ukamubwereza zokolola zimatsika, amadziwa tonde woyenera kusunga ndi woyenera kugulitsa. Nzeru ya zotengera kwa makolo ali nayo kale, chimene akusowa ndi wina womulumikizira ndi zimene makina akuona. Ndipo mtengo wa kusafotokoza ndi waukulu. Mwana wachialubino amabadwa pamene mayi ndi bambo onse awiri anyamula kusiyana kumodzi mu DNA, ngakhale iwo khungu lawo lili lakuda, ndipo pa mimba iliyonse mwayi woti mwana atero ndi umodzi pa inayi. Matenda a sickle cell amayendanso njira yomweyo. Mfundoyi ingafotokozedwe m'mphindi zisanu. Koma chifukwa chosaidziwa, amayi athamangitsidwa pa ukwati ponenedwa kuti anayenda njira kapena kuti ndi a tsoka, agogo anamiziridwa ufiti, ndipo abale athu achialubino asakidwa ndi kuphedwa ndi anthu okhulupirira bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Sindikunena kuti phunziro la sayansi lokha lingathetse nkhanza, pakuti pafunikanso apolisi ndi makhoti. Koma amene akudziwa choonadi chotere n'kuchisunga m'magazini a akatswiri okha ali ndi ngongole kwa mayi wothamangitsidwa uja.

Tsopano za sukulu, pakuti m'mera mpoyamba. Sukulu zathu zambiri za sekondale, makamaka ma CDSS, zilibe labotale, ndipo mwana amaloweza za DNA kuti akhoze MSCE asanakhulupirire kuti chinthucho chilipodi. Koma DNA ingaoneke ndi maso m'kalasi ya pansi pa fumbi. Tengani nthochi yakupsa, muikanye m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi madzi, mchere pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Musefe ndi kansalu, madziwo muwathire m'kapu yoonekera, kenako mutsanulire sipiriti wozizira pang'onopang'ono m'mbali mwa kapuyo. Pakangopita kanthawi, pamene madzi awiriwo akumana pamayandama timaulusi toyera tonanda, toti n'kutiwola ndi kamtengo. Mwana amene wawola DNA ya nthochi ndi dzanja lake sadzaionanso ngati nthano ya azungu. Zitsanzo zophunzitsira nazonso tili nazo pakhomo. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, mbuna ndi utaka, yosapezeka kwina kulikonse, ndipo akatswiri a ku Ulaya ndi ku America amawerenga genome zake kuti amvetse mmene mitundu yatsopano ya zamoyo imayambira. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Mangochi amene amadya nsombazi sauzidwa kuti dziko lonse likuphunzira pa nyanja yake. Mphunzitsi wa biology sangadziwe zonsezi payekha, afunika wofufuza amene amabwera kusukulu, kumubweretsera zatsopano ndi kuyankha mafunso a ana. Anawo auzidwenso kuti masamu ndi kompyuta n'zofunika ngati biology yomwe, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi, la bioinformatics, ndi kusanthula zilembo mabiliyoni pa kompyuta.

Chotsutsa chomaliza n'chowawa kwambiri: tiwaphunzitsa, kenako adzakwera ndege osabweranso. Zimachitikadi. Wachinyamata wa digiri ya ku KUHeS, MUST, LUANAR, Mzuni kapena UNIMA akapita kunja n'kubwerera, nthawi zambiri amapeza ntchito ya kontirakiti yodalira thandizo lakunja, magetsi ozimazima ndi mankhwala a m'labotale ochedwa miyezi pa kasitomu. Koma tionenso amene anakhala. Christian Happi anasiya Harvard n'kukakhazikitsa malo ofufuzira ku Ede m'dziko la Nigeria, ndipo gulu lake ndilo linawerenga koyamba mu Africa genome ya kachirombo ka COVID-19 mu March 2020. Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe, ndi anzake ku Botswana, pamodzi ndi gulu la Tulio de Oliveira ku South Africa, ndiwo anachenjeza dziko lapansi za Omicron, mtundu watsopano wa kachirombo komweko, mu November 2021. Malipiro ake anali kutsekeredwa malire kwa maiko a kuno kummwera, Malawi yemwe, ndipo zimenezo zinaonetsa kuti ngakhale atsogoleri a maiko olemera amafunika kuphunzitsidwa tanthauzo la genome. Julie Makani wa ku Muhimbili ku Tanzania wamanga kafukufuku wa sickle cell wodziwika padziko lonse ali kwawo, pakati pa odwala ake. Anthuwa akusonyeza kuti katswiri amakhala pamene pali ntchito yokhazikika ndi anthu amene akumudalira. Ndipo boma limaika ndalama pa chinthu chimene ovota akuchimvetsa. Sayansi imene anthu sanaimvepo siipeza woiyankhulira ku Nyumba ya Malamulo.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Kwa mayunivesite ndi mabungwe ofufuza: pokweza munthu pantchito musawerenge mapepala amene wasindikiza okha, werenganinso ana amene waphunzitsa ndi midzi imene wabwererako ndi zotsatira, ndipo ndalama za ntchito imeneyi zilembedwe m'bajeti ya kafukufuku kuyambira pachiyambi. Kwa mafumu ndi atsogoleri a anthu: musalandire ofufuza ndi mantha, musawalandirenso ndi ulemu wokhawokha. Afunseni mafunso ovuta, muwauze tsiku loti adzabwere ndi yankho, ndipo akapanda kubwera muwakumbutse. Kwa inu ophunzira amene mukufuna ntchitoyi: limbikirani biology, chemistry ndi masamu, phunzirani kulemba mapulogalamu a kompyuta, zolowerani kubwereza ntchito imodzi kambirimbiri mpaka zotsatira zitadalirika. Pamodzi ndi zimenezo phunzirani kufotokoza ntchito yanu kwa agogo anu m'chilankhulo chawo mpaka atakufunsani funso lokuimitsani mutu. Magazi amene mudzawerenge adzakhala a anthu amene anakukhulupirirani, ndipo ali ndi ufulu womva kuchokera pakamwa panu chimene mwapezamo.